Chinyengo cha kulipira ndalama zopitirira

Chinyengo cha kulipira ndalama zopitirira ndi njira yobera anthu imene mbava imanamizira kuti yalipira ndalama zoposa mtengo womwe anagwirizana, kenako n'kupempha kuti zotsalazo zibwezedwe. Malipiro ake amakhala abodza, monga cheke chopanda ndalama kubanki kapena uthenga wa pafoni wongopeka. Ena mwa anthu omwe amaberedwa motere ndi aphunzitsi a masewera odziyimira paokha, omwe amalengeza ntchito yawo pa Facebook ndi WhatsApp.

Mmene chimachitikira

Ku Kaning'ina mumzinda wa Mzuzu, komwe kuli timu ya Moyale Barracks, mpira ndi wokondedwa kwambiri, ndipo mphunzitsi wa ana sangadabwe kholo losalidziwa likamuimbira foni. Mbava imadzitcha kholo lokhala kutali, mwina ku Johannesburg. Imavomera mtengo osanenerera. Mwachitsanzo, akagwirizana K60,000, mphunzitsi amalandira uthenga wonena kuti zalowa K160,000. Posakhalitsa mbavayo imaimba modandaula kuti yalakwitsa, ndipo imapempha K100,000 mwachangu, kapena kuti ndalamazo zipatsidwe dalaivala wodzabweretsa mwana. Mphunzitsi akatumiza, amakhala atapereka ndalama zake zenizeni.

Cheke chimapusitsa chifukwa banki imatenga masiku kuti ichitsimikize. Chikakanidwa, wobweza ndalama uja ndiye amaluza.

Ku Malawi

Kuyambira pamene Airtel Money inayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, mbava zambiri zimagwiritsa ntchito foni m'malo mwa cheke. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti manambala onse a foni alembetsedwe, koma akuba ena amagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa m'mayina a anthu ena. Kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limakhudzanso milandu ya pafoni ndi pa intaneti.

Zizindikiro ndi kupewa

Uthenga wabodza umachokera pa nambala wamba, osati pa dzina la kampani. Wolipirayo amakana kukumana pamaso, amafulumizitsa zinthu, ndipo amafuna kuti ndalama zibwezedwe ku nambala ina.

Mphunzitsi ayenera kuona yekha ndalama zomwe zili mu akaunti poimba *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM, osadalira uthenga kapena chithunzi cha risiti. Ngati munthu walakwitsadi, ndi kampani ya foni yomwe iyenera kubweza ndalamazo. Cheke chopitirira mtengo chiyenera kubwezedwa kwa mwini wake. Woberedwa asunge mauthenga onse ndi kukanena msanga kukampani ndi kupolisi.