Kusintha Mtundu wa Fayilo ya Mau Kuti Imveke pa Foni

Mau Oyamba

Uthenga wojambulidwa umafika ngakhale kwa mlimi amene sadziwa kuwerenga. Komabe zimachitika kuti mlangizi amajambula malangizo a kalimbanidwe ndi mbozi za ntchemberezandonda, koma foni ya mlimi imakana kuwatsegula. Pamene vutoli likukonzedwa, mbozi zimakhala zitaononga kale chimanga. Kawirikawiri cholakwika si foniyo ayi, koma mtundu wa fayilo.

Mitundu ya Mafayilo

Mtundu wa fayilo umadziwika ndi zilembo za kumapeto kwa dzina lake.

WAV imasunga mau onse monga anajambulidwira. Mphindi imodzi itha kutenga malo okwana 10 MB.

MP3 imachepetsa fayilo pochotsa tizigawo ta mau timene khutu silimva kwenikweni. Pa 128 kbps mphindi imodzi imatenga pafupifupi 1 MB, ndipo pa 64 kbps imatenga theka lake. Mafoni ambiri ndi mawailesi olandira memori khadi amaiwerenga.

OPUS ndi mtundu wa mau otumizidwa pa WhatsApp, pamene M4A ndi wa mau ojambulidwa pa iPhone. Mafoni ambiri a mabatani satha kutsegula mitundu iwiriyi.

Kotero mlangizi ayenera kusankha MP3. Uthenga wa mphindi 5, umene pa WAV ndi 50 MB, sufika 3 MB pa 64 kbps, ndipo mau a munthu amamvekabe bwino.

Kasinthidwe Kake

Gwiritsani ntchito VLC, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta.

1. Tsegulani Media, kenaka Convert/Save.
2. Dinani Add, sankhani fayilo yanu, ndipo dinaninso Convert/Save.
3. Pa Profile sankhani Audio - MP3. Ngati mukufuna 64 kbps, sinthani pa kachizindikiro ka sipanala.
4. Pa Browse lembani dzina latsopano, ndipo dinani Start.

Zofunika Kukumbukira

Kungosintha zilembo za kumapeto kwa dzina sikusintha fayilo, monga momwe kulemba “chimanga” pa thumba la mapira sikusandutsa mapirawo.

Sungani fayilo yoyambayo. Mau a MP3 amaonongeka pang'ono nthawi iliyonse imene asinthidwanso, choncho yambirani pa yoyambayo nthawi zonse.

Musanagawire alimi, mvetserani uthengawo mpaka kumapeto pa foni ya mabatani yonga imene iwo ali nayo.