Oimba Sakisofoni Amene Maina Awo Akuiwalika

Pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi, m'boma la Phalombe, pali mabwinja a linga la Fort Lister. Lingali linamangidwa m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njira imene ogula akapolo ankadzera. Pamalopo pali manda a mzungu wina, Gilbert Stevenson, amene dzina lake likudziwika kufikira lero chifukwa linalembedwa. Koma anthu amene anadutsa pampatapo ali m'magoli, palibe wowadziwa maina. Dzina losalembedwa ndi losatchulidwa limafa msanga. Nkhani ya lero ndi ya anthu ena amene maina awo akufa motero, ndiwo oimba sakisofoni a chigawo chino cha Africa.

Ukapolo utatha, amuna ambiri a ku Phalombe ndi Mulanje, monganso a m'maboma ena, ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Johannesburg. Pobwera kumudzi ena ankanyamula galamafoni ndi mbale zake. Anthu ankavina nyimbozo mpaka fumbi koboo, koma wofunsa dzina la woliza lipengalo panalibe.

Sakisofoni ndi lipenga limene analipanga Adolphe Sax wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1840. Thupi lake ndi lamkuwa, koma mawu amachokera pa kachidutswa ka bango kamene kali pakamwa pa lipengalo. Woimba akauzira mpweya, kabangoko kamanjenjemera, ndipo iye amatha kukapana kapena kukamasula ndi milomo. Nchifukwa chake lipengali limalira ngati munthu, ndipo oimba awiri samveka mofanana.

Woyamba womukumbukira ndi August Musarurwa wa ku Zimbabwe, dziko limene panthawiyo linkatchedwa Southern Rhodesia. Iye ankatsogolera gulu la oimba la Cold Storage Commission ku Bulawayo, ndipo ndiye anapeka nyimbo ya Skokiaan. Dzinali ndi la mowa waukali wofulidwa mobisa m'makomboni, umene kuno umatchedwa chikokeyani. M'chaka cha 1954 nyimboyi inafika ku America, kumene oimba ambiri anaijambulanso, mmodzi wa iwo Louis Armstrong. Armstrong atayendera Africa mu 1960 anakumana ndi Musarurwa maso ndi maso. Komabe ambiri amene amaidziwa nyimboyi amayesa kuti ndi ya Armstrong. Mwini wake anamwalira mu 1968.

Wachiwiri ndi Kippie Moeketsi, amene anabadwira ku Johannesburg mu 1925. Iyeyu anayamba ndi kilaneti, kenaka anatenga sakisofoni, natsata kaimbidwe kofulumira ka Charlie Parker wa ku America. Mu 1960 gulu lake la Jazz Epistles linajambula mbale yaikulu imene imawerengedwa kuti ndi yoyamba ya gulu la jazi la anthu akuda m'dzikolo. M'gulumo munali anyamata ocheperapo msinkhu, Hugh Masekela, Jonas Gwangwa ndi Dollar Brand, amene pambuyo pake anatchedwa Abdullah Ibrahim. Atatuwa anakakhala kunja, natchuka pa dziko lonse. Moeketsi anapita ku London ndi sewero la King Kong mu 1961, koma anabwerera kwao, kumene malamulo a tsankho anali kutseka malo oimbira. Anakhala zaka zingapo osaimba, ndipo anamwalira ali wosauka mu 1983. Pambuyo pake malo ena oimbira jazi ku Newtown, mu mzinda wa Johannesburg, anawatcha dzina lake, koma ulemuwo unamupeza ali kale m'manda.

Nanga kuno kwathu? Sakisofoni inali yokwera mtengo, choncho anyamata a m'makomboni a ku Johannesburg ankaimba jazi pa chitoliro chachitsulo chotsika mtengo. Nyimbo zotere zinatchedwa kwela, ndipo zinafika m'dziko muno. Katswiri wake anali Donald Kachamba wa m'mudzi wa Singano ku Chileka, mng'ono wake wa Daniel Kachamba woimba gitala uja. Donald ankalowetsa chitoliro m'kamwa mopendeketsa, cha kutsaya, kuti mawu atuluke okhuthala ndi otha kupindika monga a sakisofoni. Mu 1967 Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anawapeza anyamatawa akuimba mu Blantyre, ndipo mu 1972 anakaimba ku Ulaya. Mu 1999 Donald anakaphunzitsa nyimbozi pa yunivesite ya California ku Los Angeles. Anamwalira mu 2001. Lero achinyamata ambiri amamva za Daniel, koma za Donald ndi ochepa.

Tsono pali zinthu ziwiri zotheka. Woulutsa mawu pa wailesi akamaika nyimbo, atchule woliza lipenga, osati woimba ndi pakamwa yekha. Ndipo banja limene lili ndi mbale zakale m'sutikesi ya agogo amene anapita ku Bulawayo, lisazitaye kudzala kapena kupatsa ana kuti aziseweretsa. Pakati pa mbale iliyonse pali kapepala kozungulira kolembedwa maina. Mwana wa sukulu awerenge mainawo mokweza, awakopere m'kope, ndipo mbalezo aziike mochilikiza pamalo posafika dzuwa.