Bokosi limodzi, alonda ambiri

Ana inu, mukatumiza chithunzi pa foni, sichiyenda chathunthu ayi. Chimadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi, ndipo paketi iliyonse imanyamula adiresi ya komwe yachokera, ya komwe ikupita, ndi nambala ya khomo lomwe ikufuna kulowera. Masamba ambiri a pa intaneti amadzera khomo la nambala 443.

Koma si paketi iliyonse yomwe imabwera ndi zabwino. Mu Novembala 1988, pulogalamu yomwe analemba Robert Morris, wophunzira pa yunivesite ya Cornell ku America, inadzifalitsa yokha n'kufoola makompyuta zikwizikwi. Anthu anadzidzimuka, nayamba kufunafuna njira zotchingira alendo oipa. Chida chomwe chimagwira ntchitoyi masiku ano chimatchedwa firewall.

Firewall ndi mlonda wa pageti. Ali ndi kabuku ka malamulo, ndipo paketi ikafika amawerenga kuyambira pamwamba kutsika m'munsi. Lamulo loyamba lomwe lagwirizana ndi paketiyo ndi lomwe amatsata: ilowe, kapena ibwezedwe. Akafika kumapeto osapeza lamulo loiloleza, paketiyo salola kuti idutse. Alibe chinyengo, alibenso za "ndimakudziwani".

Mu 2005 kampani ya Cisco inatulutsa chida chotere chotchedwa ASA. Mutachiona simungachipatse ulemu: kabokosi kachitsulo kaphwatalala, komangiriridwa pashelefu m'chipinda chozizira, nthambo zili pakamwa, timagetsi tobiriwira tikuphethira, mafani akulira usana ndi usiku. Koma mtengo wake si wamasewera.

Tsono taganizani za yunivesite yomwe ili ndi ofesi ya zachuma, laibulale ndi malo ogona ophunzira. A zachuma akufuna malamulo okhwima zedi, chifukwa amasunga za malipiro a anthu. Ophunzira akufuna kumasuka. Kodi agule mabokosi atatu? Apa ndi pomwe pali nzeru yomwe ine imandisangalatsa kwambiri. Bokosi limodzi lomwelo likhoza kugawidwa m'kati mwake n'kukhala alonda atatu, aliyense ndi geti lake ndi kabuku kake. Mlonda aliyense wotere a Cisco amamutcha context, ndipo mabokosi awo akuluakulu amatha kusunga alonda okwana 250. A Fortinet ali ndi zofanana nazo, amazitcha VDOM.

Pofuna kugawa bokosi la Cisco, katswiri amayamba ndi kulemba mawu awiri okha, mode multiple, ndipo bokosi limazima n'kuyakanso. Likadzuka limakhala ndi malo a mkulu woyang'anira, omwe ntchito yake ndi kugawa zinthu basi, komanso mlonda woyamba wotchedwa admin, yemwe katswiri amadzera akafuna kufikira ena onse. Kenaka amapanga alonda enawo mmodzimmodzi: amam'patsa dzina, amam'gawira polowera nthambo, n'kumuuza fayilo yomwe azisungamo malamulo ake. Akafuna kulemba malamulo a laibulale, amalemba changeto context ndi dzina lake, n'kulowa. Woyang'anira za laibulale akhoza kupatsidwa kiyi wa gawo lake lokha. Za a zachuma sangazione, ndipo akalakwitsa lamulo, chisokonezo chimathera kwake komweko.

Mwina mukufunsa kuti, nanga alonda awiri akamagwiritsa ntchito nthambo imodzi, paketi idziwa bwanji kopita? Funso labwino! Bokosi limatha kupatsa mlonda aliyense nambala yakeyake yotchedwa MAC, ndipo paketi ikangofika limayang'ana nambalayo n'kuipereka kwa mwini wake.

Komabe alonda onsewa amadalira ubongo umodzi ndi magetsi amodzi. Mmodzi akachulukiridwa ndi alendo akhoza kumaliza mphamvu za anzake, n'chifukwa chake katswiri wosamala amaikira aliyense malire a kuchuluka kwa maulendo omwe angalandire nthawi imodzi. Ndipo bokosi likafa, onse afera limodzi. Pa chifukwa ichi malo ofunika amagula mabokosi awiri n'kuwalumikiza ndi nthambo yapadera, kuti azifunsana mosalekeza ngati mnzake akadali moyo. Alonda ena amagwirira ntchito m'bokosi loyamba, ena m'lachiwiri. Limodzi likangoti zii, linzake limatenga alonda onse m'masekondi ochepa, ndipo wophunzira amene akuwerenga mu laibulale kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti kwachitika kanthu.