PIYANO: LIMBA LIMENE LINAPHUNZIRA KUNONG'ONA

Woimba kalimba adziwa cinthu cimene cinasautsa amisiri a ku Ulaya zaka zambiri: akadina pang'ono, kalimba inong'ona, akadina ndi mphamvu, ipfuula. Azungu akale anali ndi limba la nsambo lochedwa harpsichord, limene linalibe luso limeneli. Woimba akadina kathabwa, kanthenga ka mbalame kanali kukodola nsambo, ndipo mau ake anali amodzimodzi, kaya wadina mofatsa kaya mwaukali.

Amene anathetsa bvutoli ndiye Bartolomeo Cristofori, mmisiri wosunga malimba a Kalonga Ferdinando de' Medici mu mzinda wa Florence ku Italy. Ca m'ma 1700 iye anacotsa nthenga zija naikamo tinyundo tokuta ndi cikopa. Koma nyundo payokha siinakwanire. Yense amene anaombapo belu la pasukulu adziwa kuti citsulo cikatsamira pabelu, kulira kwake kufa pomwepo. Cotero Cristofori anakonza kuti kanyundo, pofika pafupi ndi nsambo, kamasuke kukathabwa, kagunde, kabwerere msanga, nsambo itsale iri kulira. Apa ndi pamene pagona nzeru yonse ya piyano. Ngakhale dzina lake likumbutsa zimenezi: m'Citaliyana "piano" ndiko kuti mofatsa, "forte" ndiko kuti mwamphamvu. Mapiyano atatu a Cristofori akalipo, ndipo lakale koposa, la 1720, lisungidwa ku New York.

Poyamba piyano linali la mau ocepa, loyenera m'cipinda. Litalowa m'maholo akulu, amisiri anafuna nsambo zonenepa, zokungika zolimba, koma mafelemu a mtengo anali kupindika. M'caka ca 1825 Alpheus Babcock wa ku Boston anapanga felemu la citsulo cosungunula, lathunthu lopanda mfundo, ndipo kuyambira pamenepo piyano linakula mau.

Piyano la masiku ano liri ndi timatabwa 88, toyera 52 ndi takuda 36, ndi nsambo zoposa 200. Pa piyano lalikulu nsambo zonse pamodzi zikoka felemu ndi mphamvu yofika pafupi matani 20. Anthu a ku migodi akapeza mpata wosuzumira m'kati mwake, ayang'ane ku dzanja lamanzere: nsambo za mau a besi nzofiira, pakuti nzokulunga ndi waya wa mkuwa. Mkuwawo uzilemeretsa kuti zinjenjemere pang'onopang'ono. Popanda uwo zikadafunika kutalika kwambiri, piyano osalowa pakhomo.