Chigayo cha Gulu: Phindu Limapita Kuti?

Kuno ku Angónia chimanga ndicho chakudya chathu, ndipo chigayo chimapumitsa amayi ku mtondo. Koma magulu ambiri okhala ndi chigayo amadabwa. Mwezi uno ndalama zachuluka. Mwezi wamawa m'bokosi mulibe kanthu, chikhalirecho ogayitsa sanachepe kwambiri. Anthu amayamba kulozana zala, amvekere msungichuma waba. Nthawi zambiri palibe wakuba. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Chigayo chimadya ndalama m'njira ziwiri. Pali ndalama zoyenda ndi ntchito, monga za dizilo ndi oyilo. Tikagaya zambiri, dizilo amapita wambiri. Tikapanda kugaya, dizilo amakhala mumgolo. Palinso ndalama zosasuntha: malipiro a woyendetsa chigayo, malipiro a mlonda, ndi ngongole ya makina. Izi sizifunsa kuti kwabwera anthu angati. Mwezi ukatha tiyenera kulipira basi.

Tiyerekeze motere. Ndalama zosasuntha ndi mametikali 6,000 pamwezi. Kugayitsa chitini chimodzi ndi mametikali 50. Pa 50 ameneyu, dizilo ndi oyilo akudya 20. Atsala 30.

Kodi 30 ameneyu ndi phindu? Ayi, anzathu, apa ndi pamene ambiri amaphonya. Ayambe wakalipira woyendetsa, mlonda ndi ngongole. Kuti 6,000 akwane, tiyenera kugaya zitini 200. Zitini 200 zoyambazo tangogwirira ntchito anthu ena. Phindu la gulu limayamba pa chitini cha 201.

Tsono onani. Tikagaya zitini 250, zitini za phindu ndi 50 zokha, ndipo phindu ndi 1,500. Mwezi wa Juni, anthu atakolola, tagaya zitini 300. Tangowonjezera zitini 50, koma phindu lafika 3,000. Lawirikiza kawiri! Chifukwa chake nchakuti woyendetsa ndi yemweyo, mlonda ndi yemweyo, ngongole ndi yomweyo. Chitini chilichonse chowonjezera chikubweretsa 30 wathunthu.

Koma njira yokwerera ndi yomweyo yotsikira. Mu Janyuwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Tikachoka pa 250 kufika pa 200, phindu lonse latha. Tikafika pa 150, tapeza 4,500 pomwe tiyenera kulipira 6,000. Tataya 1,500, ngakhale chigayo chalira masiku onse.

Mayi wogula mbatatesi kwa alimi nkumagulitsa pamsika wa Ulongwe sakumana ndi zotere. Alibe makina, alibe mlonda. Ogula akachepa, iye amapikula zochepa. Phindu lake limakwera pang'onopang'ono, limatsikanso pang'onopang'ono. Sangalemere mwezi umodzi, komanso mwezi umodzi sungamugwetse.

Ife tikuona kuti gulu lisamathamangire kugawana phindu la Juni. Ndalama imeneyo ili ndi ntchito kale: ndiyo idzalipira mlonda mu Febuluwale. Ndipo wina akabwera ndi maganizo ogula makina aakulu pangongole, tisamufunse za kukongola kwa makinawo. Timufunse kuti ngongole ikakula, tidzayenera kugaya zitini zingati tisanaone phindu, ndiponso ngati midzi yotizungulira ili nacho chimanga chimenecho miyezi yonse 12.

Ntchito yolemba: ndalama zosasuntha zikakwera kufika pa mametikali 9,000, tiyenera kugaya zitini zingati kuti tisataye kanthu? Werengani awiriawiri, kenaka mulembe yankho m'makope mwanu.