Penti ndi kulemera: nchito yomaliza kandeke ka wailesi kasanauluke

Pa 11 August 2003, kandeke kopangidwa ndi mtengo ndi pulasitiki yofiira kanatera pafupi ndi tauni ya Clifden m'dziko la Ireland, katauluka pamwamba pa nyanja ya Atlantic kwa maola 38 ndi mphindi 52.

Kandekeko, kochedwa TAM-5, kananyamuka ku Cape Spear pa cisumbu ca Newfoundland ku Canada, ndipo kanayenda mtunda woposa makilomita 3,000 kosatera paliponse. Pakati pa nyanja kanali kudziwongolera kokha, koma ponyamuka ndi potera kanali m'manja mwa anthu ogwira wailesi yowongolera, imene ambiri amangoicha kuti rimoti.

Amene anakapanga ndi a Maynard Hill a ku America. Panthawiyo anali ndi zaka 77, ndipo maso ao anali atafooka kwambiri kotero kuti anali kusakaniza utoto wofiira m'guluu kuti aziona pamene apaka.

Kuti ulendowo uvomerezedwe ndi bungwe la FAI, limene limasunga mbiri ya masewera a mlengalenga, kandeke sikanayenera kupitirira makilogalamu 5 pamodzi ndi mafuta ake. Mafutawo okha anatenga pafupifupi theka la kulemerako, ndipo potera anatsala osakwana magalamu 60. Galamu iliyonse imene ikanapita ku zokongoletsa ikanacotsedwa pa mafuta.

Nkhani ya kulemera imeneyi imakhudza aliyense wopanga tindeke ta wailesi, ngakhale amene cake ndi kungouluka pabwalo la mpira. Tindeke tambiri timamangidwa bwino kwa miyezi, kenaka nkuonongeka pa sitepe yomaliza, pamene mwini wake ayamba kuganiza za maonekedwe.

Mafupa a kandeke nthawi zambiri amakhala a mtengo wa balsa, wopepuka kwambiri, umene wambiri umacokera ku Ecuador. Mtengowu ukamangidwa umayamba wasalazidwa ndi sandipepa, kuyambira yokhakhala kufikira yosalala. Penti kapena pulasitiki sizibisa colakwa ciliconse. Kadontho ka guluu kamene kanasiyidwa kamaonekera kwambiri pamwamba pakayamba kunyezimira.

Kale mapiko anali kukutidwa ndi pepala lopyapyala kapena nsalu ya silika, nkupakidwa mankhwala ochedwa dope amene amakungitsa nsaluyo akamauma. Masiku ano ambiri amagwiritsa nchito pulasitiki yobwera kale ndi mtundu wake, monga Oracover ya ku Germany. Kunsi kwake kuli guluu amene amagwira akatenthedwa. Wopanga amayamba wamata m'mphepete ndi kansimbi kofunda pang'ono, kenaka amaonjezera moto kuti pulasitikiyo ikhwinyate ndi kukungika ngati cikumba ca ng'oma.

Apa pamafunika kuleza mtima. Mbali imodzi ya phiko ikakungika kuposa inzake, phikolo limapotoka, ndipo kandeke kamakhotera mbali imodzi nthawi zonse. Nsimbi ikatentha mopitirira, imaboola.

Penti nayo ili ndi misampha yake. Tindeke topangidwa ndi foam, ija yoyera yotetezera katundu m'makatoni, timasungunuka tikapoperedwa penti zambiri za m'zitini, cifukwa ca mankhwala osungunulira amene alimo. Pa foam pamafunika penti yosungunula ndi madzi, ndipo ndi bwino kuiyesa coyamba pa kacidutswa kotsala.

Tindeke ta injini tili ndi vuto lina. Mafuta ake ndi osakaniza methanol, nitromethane ndi oilo, amene kawirikawiri amakhala mafuta a nsatsi. Mafutawa amadya penti wamba ndipo amalowerera m'mtengo mpaka guluu atasiya kugwira. N'cifukwa cake thabwa limene injini imamangidwapo limapakidwa epoxy, ndipo penti ya kunja iyenera kukhala yosadyeka ndi mafuta.

Mtundu wa penti umasankhidwanso poganizira maso a woyendetsa. Kandeke kakafika patali kamangooneka ngati khwangwala, ndipo munthu sangadziwe msanga ngati kagadama kapena kali bwino. Odziwa nchitoyi amaika mtundu wowala pamwamba pa mapiko, ndipo kunsi amaikako mtundu wakuda kapena mizere ikuluikulu.

Koma coopsa cacikulu ca penti ndi malo amene kulemera kwake kumagwera. Gawo lalikulu la thupi la ndeke lili kumbuyo kwa mapiko, conco penti yambiri imathera kumcira.

Ndeke iliyonse ili ndi malo amene kulemera kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo kumalingana. Pa kandeke ka mapiko owongoka, malowa amakhala pakati pa gawo limodzi mwa magawo anai ndi limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwa phiko, kuyeza kucokera kutsogolo kwake. Pulani ya kandeke imasonyeza malo enieniwo. Wopanga amaika cala cimodzi kunsi kwa phiko lililonse pamalopo nkunyamula. Kandeke kayenera kukhala kowongoka, kapena kuweramitsa mphuno pang'ono.

Kakalemera kutsogolo kamauluka ndithu, ngakhale kuti kamatera mothamanga. Kakalemera kumcira kamakhala kosamvera: kamadzutsa mphuno mwadzidzidzi, liwiro limatha, ndipo kamagwa woyendetsa asanadziwe cocita.

Kukonza vutoli kumadula cifukwa mcira uli kutali. Ngati mtunda wocokera pamalo olinganira kufika kumcira uli wotalika katatu kuposa wofika kumphuno, magalamu 10 a penti ya kumcira amafuna magalamu 30 a mtovu kutsogolo. Kandeke kamakhala kaonjezera magalamu 40 opanda nchito. Wanzeru amayamba wasunthira batire kutsogolo asanaganize zoika mtovu.

Poyeza, kandeke ka magetsi kamakhala ndi batire yake m'malo mwake. Ka injini kamayezedwa thanki ilibe mafuta, popeza thankiyo imakhala kutsogolo ndipo imapepuka pamene ulendo ukupitirira. Mapiko aonso amayezedwa, kuti lina lisalemere kuposa linzake.

M'malo okwera ngati Lusaka, mzinda umene uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, mpweya ndi wopepuka poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja. Mapiko amanyamula mocepa, injini nayo imacepa mphamvu, makamaka m'nyengo yotentha ya October. Kandeke kolemera kamene kangauluke movutikira ku Beira kangathe kukana kunyamuka ku Lusaka.

Zotsala ndi kumanga mapiko ndi mcira pathupi, ndi kuona ndi cingwe kapena tepi kuti mtunda wocokera kunsonga ya phiko lililonse kufika kumcira ndi wofanana. Timapiko tosuntha timakokedwa ndi dzanja kuona ngati mahinji agwira. Kenaka amayatsa rimoti coyamba, kandeke pambuyo, nkuyesa ndodo iliyonse ataima kumbuyo kwa kandeke. Ndodo ikakokeredwa kwa woyendetsa, kaphiko ka kumcira kayenera kukwera. Ikapita kumanja, kaphiko ka phiko lamanja kakwere, ka lamanzere katsike. Tindeke tambiri tagwa pa ulendo woyamba cifukwa timapikoti tinali kuyenda mosemphana, ndipo palibe anayang'ana.

Pomaliza woyendetsa amayenda kutali ndi kandeke atacepetsa mphamvu ya rimoti, monga mmene buku la rimotiyo linenera, kuti aone ngati kakumvabe. Ulendo woyamba umacitika m'mawa kapena madzulo mphepo itadekha, pabwalo lopanda anthu ndiponso kutali ndi bwalo la ndeke, ndipo kandeke kamanyamuka moyang'anana ndi kumene mphepo ikucokera.