Chipewa cha ubweya chimayamba ndi juzi yakaunjika

Mwezi wa Juni ukafika, ku Tsangano nkhungu imagona pa minda ya tirigu ndi kachewere mpaka dzuwa litakwera, ndipo ana opita ku sukulu amayenda manja ali m'khwapa. Ku Furancungo, m'boma la Macanga, nako chisanu sichinyengerera. Nchifukwa chake mayi wodziwa kuluka zipewa sasowa kasitomala nyengo imeneyi.

Koma chipewa cha ulusi wa pamsika mphepo imadutsa. Ulusi wambiri wowala uja ngwa pulasitiki, sugwirana ukachapidwa ndipo sumwa utoto wa mitengo. Nkhosa zathu nazo nzacheya, zilibe ubweya wopota. Ubweya weniweni umapezeka pa mulu wa kaunjika, amene ena amati kalamidade, m'majuzi akale okanda pakhosi amene ogula ambiri amawalumpha. Kuyesa kwake nkosavuta: kachingwe ka ubweya kakatenthedwa kamanunkha ngati tsitsi nkusanduka phulusa, pamene ka pulasitiki kamasungunuka nkuuma gwa.

Juzi yoyera ikamasulidwa, ulusi umachapidwa nkunyikidwa mu utoto. Makoko a anyezi amapatsa chikasu, masamba a bulugamu amapatsa mtundu wa dothi lakatondo, ndipo makungwa a chitimbe kapena mlombwa amafiiritsa. Madzi amene mwagona misomali yadzimbiri amadetsa mitundu yonseyi. Moto ukhale wochepa, ndipo ulusi usatakasidwe ngati phala, chifukwa ungagwirane usanalukidwe. Mphika wa utoto usaphikirenso ndiwo. Wosenda khungwa asazungulize thunthu, mtengo ungaume. Milombwa yatsala kale yowerengeka.

Chinsinsi chili pomaliza. Chipewa chimalukidwa chachikulu dala, choti chingaphimbe mphuno, ndipo apa mpamene woluka koyamba amada nkhawa kuti waononga ulusi. Kenaka chimaviikidwa m'madzi otentha a sopo nkumatikitidwa ndi manja, nkumasinthira m'madzi ozizira. Ubweya umalumana, timabowo timatsekeka, chipewa nkuchepa mpaka kukwana mutu. Chimaumitsidwa chitavekedwa chipanda kapena mphika wovundikira. Chikachepa mopyola sichibwereranso, choncho ndi bwino kumachiyesa pamutu pafupipafupi.

Luso limeneli silachilendo padziko. Tawuni ya Monmouth, ku Wales, inatchuka ndi zipewa zolukidwa motere, zimene asilikali ndi amalinyero ankavala. M'chaka cha 1571 boma la England linakhazikitsa lamulo loti anthu wamba opitirira zaka 6 azivala chipewa cha ubweya Lamulungu ndi masiku a zikondwerero, pofuna kuti oluka asasowe ntchito. Lamulolo linathetsedwa mu 1597.

Kuno palibe wofuna lamulo, chisanu chokha chimakwana. Juzi imodzi ya munthu wamkulu imatulutsa zipewa za ana angapo, ndipo nthawi yabwino yoisaka ndi Okutobala, pamene kutentha kwagwetsa mtengo wake.